Mutu 6: Timapiritsi Tapinki ta Che Saidi

1. Dokotala wa pa khonde

Che Saidi adali telala wodziwika ku Senga Bay. Makina awo ankakhala pa khonde la sitolo ina, moyang'anana ndi mathandala oyanikapo usipa. Asodzi ankasoketsa kwa iwo mikanjo ya pa Idi, makolo nawo ankabweretsa nsalu za yunifolomu.

M'chaka cha 1984 manja a Che Saidi adayamba kunjenjemera. Kulowetsa ulusi pa singano idasanduka nkhondo. Mtima unkagunda mwamphamvu ngakhale atangokhala, ndipo mutu unkawawa cha kunkhongo.

Adapita ku chipatala chaching'ono cha m'deralo pamodzi ndi mwana wawo Jamila. Kumeneko a Enock Dzoole, omwe anthu ankangowatchula kuti adokotala, adawamanga lamba wopimira pamkono. Adapeza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Adawafunsa mafunso angapo, kenako adawapatsa timapiritsi tapinki: kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Dzina la mankhwalawo lidali puropuranololo. Che Saidi adayesa kulitchula kawiri, lilime lidakana, ndiye adangotitcha "tapinki".

Patangotha sabata ziwiri manja adakhazikika. Ulusi unkalowa kamodzi n'kamodzi.

Jamila adali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankaphunzira Sitandade 7 pa sukulu ya Chitimbe. Che Saidi ankawerenga bwino zilembo za Chiarabu, koma Chingerezi ayi. Choncho Jamila ndiye ankawerenga zolembedwa pa kaenivelopu ka mankhwala. Ndiye ankasunga kachitini koikamo tapinki, ndiponso ndiye ankakumbutsa bambo ake nthawi yomwera.

Posakhalitsa anthu oyandikana nawo adayamba kumubweretsera maenivelopu awo kuti awawerengere. Ankamutcha "dokotala wa pa khonde". Dzinalo lidamukomera kwambiri Jamila. Adayamba kuyankha ngakhale mafunso omwe sadali kudziwa mayankho ake.

2. Pepala lonjenjemera

Mnzake wapamtima wa Jamila adali Nafisa, mwana wa Che Ahmad, msodzi wa khoka la chilimira. Nafisa adali wanzeru m'kalasi kuposa onse, koma adali wamanyazi. Adalinso ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono. Mwera ukayamba kuwomba, chifuwa chake chinkalira, ndipo ankayenda ndi timapiritsi toyera m'thumba la diresi.

Mwezi wa Juni sukulu idakonza tsiku la makolo. Kudayenera kubwera akulu a zamaphunziro ochokera ku boma ku Salima, pamodzi ndi apampando a chipani a m'deralo. Mphunzitsi wa Chingerezi, Mayi Kachingwe, adasankha Nafisa kuti adzawerenge mawu olandira alendo.

Tsiku lokonzekera, Nafisa adaimirira kutsogolo kwa kalasi. Pepala lidayamba kugwedezeka m'manja mwake ngati tsamba la nthochi. Anyamata akumbuyo adaseka, iye adakhala pansi misozi ili mbwembwembwe.

Popita kunyumba adadandaulira mnzake.

"Jamila, ine mawa sindipitako. Mawu onse ndikuwadziwa pamtima, koma ndikangoima, mtima umachita ngati utuluka. Manjawa sandimvera."

"Basi zomwezo?" adatero Jamila. "Amenewo ndi matenda a ababa enieni. Mtima kugunda, manja kunjenjemera. Pano ukawaone, akusoka ngati mnyamata. Mawa ndikubweretsera tapinki."

Nafisa adaima panjira.

"Amayi anandiletsa kumwa mankhwala a munthu wina."

"Amayi ako amawerenga Chingerezi?"

"Ayi."

"Nanga ine? Ndani amawerengera mudzi wonsewu? Ababa akumwa miyezi inayi tsopano, palibe chawachitikira. Ukufuna ukalirenso pamaso pa apampando?"

Nafisa adayang'ana pansi. Sadakanenso.

M'mawa mwake Che Saidi atapita ku mzikiti ku swala, Jamila adatsegula kachitini. Adatenga kamodzi, n'kuganiza kuti mantha a Nafisa ndi aakulu, adawonjezera kachiwiri. Adatikulunga m'kapepala ka kope.

Adakumana kuseri kwa kalasi belu loyamba lisanalire. Nafisa adatiyang'ana timapiritsito m'dzanja lake.

"Tonse tiwiri?"

"Tonse. Meza msanga, anthu angatione."

Nafisa adati bisimilahi, n'kumeza.

3. Pansi pa mitengo ya kesha

Mwambo udayamba cha m'ma teni koloko. Makolo adakhala pa mabenchi pansi pa mitengo ya kesha, ana pamchenga. Mwera unkawomba, kubweretsa fumbi ndi utsi wochokera komwe anthu ankawamba nsomba. Atatha kuimba nyimbo ya fuko, ahedi adaitana Nafisa.

Mtsikanayo adayenda bwinobwino mpaka kutsogolo. Adatambasula pepala, ndipo pepalalo lidangoti duu, osagwedezeka. Mawu adatuluka omveka, moti akulu a zamaphunziro adagwedeza mutu. Mayi Kachingwe adamwetulira.

Jamila adatsina mtsikana amene adakhala naye pafupi.

"Ukumuona? Ndamukonza ndine ameneyo," adanong'ona.

Atafika pakati pa pepala, Nafisa adatsokomola. Adawerenga mzere wina, adatsokomolanso. Kenako adayamba kudukiza mawu, awiri n'kupuma, awiri n'kupuma. Amene adali kutsogolo adamva kulira kwa m'chifuwa mwake, ngati kamwana ka mphaka. Mapewa ankakwera ndi kutsika.

Adapisa dzanja m'thumba kufuna timapiritsi take toyera, koma sadatitulutse. Pepala lidauluka ndi mphepo. Nafisa adagwada, kenako adagwera chammbali.

Padali chipwirikiti. Amayi ena adayamba kulira, ena ankakupiza mtsikanayo ndi zitenje. Akulu a zamaphunziro adalamula kuti galimoto yawo imutengere ku chipatala. Mayi Kachingwe adamunyamula, ndipo Jamila adakwera nawo popanda womuitana.

M'galimotomo Jamila adagwira dzanja la mnzake. Lidali lozizira ngati mwala wa m'madzi.

4. Jakisoni ali m'manja

Atafika, a Dzoole adasiya mzere wa odwala n'kumugoneka Nafisa pa bedi, atamutsamiritsa pa mapilo. Adauza Mayi Kachingwe kuti athamange ndi galimotoyo akatenge mayi a mwanayo, omwe sadabwere ku mwambo. M'chipindamo mudatsala a Dzoole, anamwino, Nafisa ndi Jamila, yemwe adaima pakona.

"Mwana uyu ndimamudziwa, ndi wa mphumu," adatero a Dzoole. "Anesi, konzani adirenalini."

Anamwino adathyola kabotolo, n'kukoka mankhwala mu jakisoni. A Dzoole adamulandira ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono pa Nafisa, maso ali pa wotchi. Mwadzidzidzi nkhope yawo idasintha. Adawerenganso kugunda kwa mtima kachiwiri.

"Apa pali china chake. Munthu wobanika chonchi mtima umathamanga, umapitirira handiredi. Uyu ukugunda makumi anayi ndi mphambu zisanu basi. Nafisa, wamwa chiyani lero?"

Nafisa sadathe kuyankhula. Milomo yake idali itayamba kuda. Adangotembenuza maso kuyang'ana pakona.

A Dzoole adatsatira masowo.

"Iwe ndiwe mwana wa Che Saidi, eti? Mnzakoyu wadya chiyani, wamwa chiyani?"

"Sindikudziwa," adatero Jamila.

Mawuwo adatuluka okha. Ankayang'ana simenti.

"Chabwino," adatero a Dzoole. "Sindingadikire. Anesi, pukutani pamkonopo."

Anamwino adapukuta ndi kathonje. Singano idayandikira khungu. Nafisa adali akumuyang'anabe mnzake.

"Adokotala, dikirani!" adakuwa Jamila. "Wamwa mapiritsi a ababa. Tapinki. Ndinamupatsa ndine."

Dzanja la a Dzoole lidaima.

"Puropuranololo? Tingati?"

"Tiwiri."

"Nthawi yanji?"

"Belu loyamba lisanalire."

A Dzoole adaika jakisoni uja patali, pa thireyi. Sadamukalipire Jamila, sadamuyang'anenso n'komwe.

"Anesi, atiropini msanga. Mukatero mukonze aminofilini, timulowetsa pang'onopang'ono mumtsempha. Ikani diripi. Tumani munthu ayimbe foni ku boma, atitumizire ambulansi. Iwe, tuluka."

Jamila adatuluka n'kukakhala pa benchi ya pakhonde. Odwala a pamzere adali atamva kukuwa kwake. Mayi wina yemwe Jamila adamuwerengerapo enivelopu adamuyang'ana, kenako adasuntha n'kukakhala kumapeto kwa benchi.

5. Mawu a a Dzoole

Padapita nthawi yaitali. Mayi a Nafisa adafika akuthamanga, mpango uli m'manja, n'kulowa m'chipinda muja. Mayi Kachingwe adabwerera ku sukulu ndi galimoto ya alendo. Kenako a Dzoole adatuluka, thukuta lili kamukamu, n'kukodola Jamila kuti alowe mu ofesi yawo.

"Khala pansi. Mnzako wayamba kupuma. Mtima wakwera, wafika makumi asanu ndi awiri. Akagona ku boma masiku angapo, chifukwa mankhwala aja akadali m'magazi ndipo kuno tilibe mpweya wa m'mabotolo."

Jamila adabisa nkhope m'manja.

"Chotsa manjawo, undimvere. Ndikufuna utuluke muno ukudziwa chimene wachita.

"M'thupi mwa munthu muli ntchito zimene zimachitika popanda iye kulamula. Sulamula mtima kuti ugunde. Sulamula thukuta kuti lituluke. Ntchito zimenezi zili ndi mitsempha yake, ndipo ili mbali ziwiri. Ina imafulumizitsa, ina imabweza. Zili ngati njinga: pali zopalasira, palinso mabuleki.

"Munthu akaopa, thupi limatulutsa mthenga wotchedwa adirenalini. Mthengayu amagogoda pa makomo ambiri. Akagogoda pa khomo la mtima, mtima umathamanga. Akagogoda pa minofu ya manja, manja amanjenjemera. Akagogoda m'chifuwa, timipaipi ta mpweya timatseguka kuti munthu apume kwambiri. Wamva? Mthenga mmodzi, makomo ambiri.

"Puropuranololo amatseka makomo amenewo. Kwa bambo ako ndi zabwino. Mtima umagunda mofatsa, magazi sakankha mitsempha mwamphamvu, manja amakhazikika. Koma mankhwala alibe maso, mwana wanga. Sasankha kuti ili ndi khomo la mtima, ili ndi la chifuwa. Amatseka onse. Munthu wa chifuwa chabwino sazindikira n'komwe. Koma wa mphumu timipaipi take ndi tothina kale, timadalira khomo lomwelo kuti tikhale totseguka. Iwe walitseka, ndipo watseka ndi maloko awiri.

"Timapiritsi toyera timene amayenda nato ndi salubutamo. Timalowera pa khomo lomwelo. Akadameza lero, timapiritsito tikadapeza potseka.

"Tsono jakisoni uja ndinali naye m'manja. Ameneyo ndi adirenalini weniweni, ndipo wapulumutsa ana ambiri a mphumu pa bedi lomwe lija. Koma kwa munthu amene wamwa puropuranololo, adirenalini akapeza makomo aja otseka amathamangira ku khomo lina limene latsala, lofinya mitsempha ya magazi. Magazi akadakwera koopsa, mtima ukadabwerera m'mbuyo kuposa pamene unali, chifuwa osatseguka. Ukadakhala chete kanthawi kena pang'ono, sindikudziwa kuti bwenzi tikukamba zotani pano.

"Utanena, ndinadziwa njira. Atiropini amamasula mabuleki aja, ndiye mtima unakwera. Aminofilini amatsegula chifuwa podzera njira ina, osati pa khomo lotsekedwalo. Nawonso ali ndi zovuta zawo. Ukamuona mnzako m'kamwa mwauma gwa, maso akuona mwachimbuuzi, ndi atiropini ameneyo. Aminofilini ukamulowetsa mothamanga amasokoneza mtima. Palibe mankhwala amphamvu amene alibe mbali yoluma."

A Dzoole adatsegula kabati n'kutulutsa mabotolo awiri.

"Taona. Awa ndi metilodopa, awa ndi mapiritsi otulutsa madzi m'thupi. Onsewa ndi a kuthamanga kwa magazi, koma aliyense ali ndi njira yake. Oyambawa amagwira ntchito ku ubongo, ndipo ena amawodzera nawo, ena amachita chizungulire akadzuka msanga. Achiwiriwa amakodzetsa pafupipafupi kuti madzi ndi mchere zichepe. Anthu atatu akhoza kubwera ndi nthenda imodzi, ine n'kuwapatsa mankhwala atatu osiyana. Tsiku lija unabwera ndi bambo ako, ndisanawapatse tapinki, ndinawafunsa chiyani?"

Jamila adayankha motsitsa mawu.

"Munawafunsa ngati ali ndi mphumu."

"Kangati?"

"Kawiri."

"Unalipo, unamva. Koma sunafunse kuti ndikufunsiranji. Unatenga dzina la mankhwala, funso unalisiya pano. Kuwerenga dzina pa enivelopu si udokotala, Jamila. Akuluakulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

Misozi idagwera pa yunifolomu ya Jamila.

"Chinanso. Bambo ako asadumphitse kumwa chifukwa cha tiwiri tasowato. Mtima umene wazolowera puropuranololo ukamusiya mwadzidzidzi umalusa, munthu akhoza kumva kupweteka pachifuwa kapena kugwa kumene. Mawa abwere ndidzawaone. Ukawauze wekha chifukwa chake.

"Mayi a Nafisa ndawauza kuti mwana wawo anamwa mankhwala osamuyenera. M'kalata ya ku boma ndalemba dzina la mankhwalawo. Dzina la amene anapereka sindinatchule. Umenewo ndi mtolo wako. Poyamba unanama, kenako unanena zoona pamene zinkafunika. Zonse ziwiri ndaziona. Pita."

6. Madalitso olemera

Ambulansi idafika dzuwa lili paliwombo. Adamutulutsa Nafisa pa machira, diripi ili pamkono. Maso ake adali otseka.

Mayi a Nafisa asanakwere, adamuona Jamila ataima pafupi ndi chipilala. Adapita n'kumugwira manja onse awiri.

"Mwanangu, Mulungu akudalitse. Anesi andiuza kuti iwe ndi amene wathandiza adokotala kudziwa chovuta. Ana onse a pa sukulu paja, amene anakwera galimoto ndiwe wekha. Nafisa alibe mchemwali, mchemwali wake ndiwe. Inshallah udzakhala dokotala weniweni."

Jamila adatsegula pakamwa, koma mawu sadatuluke. Dalaivala adaliza hutala. Mayiwo adamusisita patsaya n'kukwera, chitseko chidatsekedwa.

Ulendo wobwerera kunyumba Jamila sadadzere mumsewu. Adazungulira kuseri kwa nyumba za anthu, m'minda ya chinangwa, kuopa kukumana ndi womudziwa.

Adapeza bambo ake pa khonde, akupalasa makina. Adagwada patali pang'ono.

"Ababa, ndili ndi mawu."

Che Saidi adapitiriza kusoka. "Ndamva kuti mwana wa Che Ahmad wagwa ku sukulu. Ali bwanji?"

"Apita naye ku boma. Ababa, ndinamugwetsa ndine."

Makina adaima. Jamila adafotokoza zonse, kuyambira za pepala lonjenjemera mpaka za jakisoni. Sadabise za bodza lake, ngakhalenso za madalitso a mayi a Nafisa.

Che Saidi adavula magalasi n'kuwaika pa nsalu.

"Asitaghafirullah, Mulungu atikhululukire," adatero. "Jamila, ine ntchito yanga ndi yopima. Munthu akabwera kuti ndimusokere malaya, sindidula nsalu ndisanamuzunguze tepi. Ngakhale akhale mapasa, aliyense ndimamupima payekha. Ndikalakwitsa ine, munthu amangovala zothina, anzake n'kumuseka, basi. A Dzoole nawo amapima. Anandipima ine, anandifunsa za chifuwa, za shuga, za zonse, n'kundidulira mankhwala a thupi langa. Iwe watenga malaya anga n'kuveka mwana wa eni, malaya oti akathina munthu amafa.

"Kachitini kaja ndinakupatsa ngati amana, chinthu chosungitsa. Sindinakupatse kuti ukhale mwini wake. Ndipo ine ndemwe ndili ndi mbali yanga. Anthu akamakutcha dokotala ndinkaseka, mtima unkakoma. Ndinkakumva ukuuza anthu zinthu zoti sunaphunzire, osakuletsa. Ndinkati mwana wanga ndi wanzeru. Lero manyazi awa tigawana.

"Koma chimene chandipweteka kwambiri si mapiritsi ayi. Pa mapiritsi unali wosadziwa. Chandipweteka n'chakuti mayi uja anakugwira manja, nakudalitsa, iwe n'kulandira. Pamenepo unkadziwa. Madalitso olandira mwakuba sakhala, mwanangu, amasanduka makala m'manja. Bweretsa kachitini."

Jamila adalowa m'nyumba kuseri kwa sitolo n'kubwera nako. Che Saidi adakaika m'thumba la mkanjo wawo.

"Kuyambira lero ndizisunga ndekha. Aliyense wobwera ndi enivelopu pano uzimuuza kuti apite kwa a Dzoole. Mawa tikwera basi, tikaone Nafisa, ndipo ukawauze amayi ake ndi pakamwa pako."

"Ndamva, ababa."

7. Kwa apampando

Koma nkhaniyo sidadikire mawa.

Che Saidi atangobwera ku swala ya chakumadzulo ya Alasiri, amayi a Jamila adatulukira kuchokera ku mathandala, dengu lopanda kanthu lili m'manja, akupumira m'mwamba. Iwo adali asanamve chilichonse cha mwana wawo.

"Bambo a Jamila, mwamva? Kwa apampando kwadzaza anthu. Che Ahmad atangotsika m'bwato, ana awauza kuti anaona Mayi Kachingwe akumwetsa Nafisa madzi m'kapu yawo asanapite kutsogolo. Wina wochokera ku chipatala wanenanso kuti mwanayo anamwetsedwa mankhwala, koma sanatchule womumwetsa. Ndiye Che Ahmad akasuma. Apampando akwiya, akuti mphunzitsi ameneyu wachita dala kuti achititse manyazi dera lonse pamaso pa alendo a boma. Atuma anyamata a chipani, akamutenga ku sukulu ngati wakuba. Akuti kalata ipita ku boma mawa."

Masiku amenewo aliyense ankadziwa tanthauzo la kalata yotere. Mphunzitsi ankatha kuchotsedwa ntchito, mwinanso kutengedwa osadziwika kopita.

Che Saidi adayang'ana mwana wawo. Adaphimba makina ndi nsalu, adavala nsapato, n'kuima.

Jamila adaimirira. Adamanga bwino mpango wake kumutu.

"Kodi mukupita kuti awirinu?" adafunsa amayi ake.

"Akuuzani yekha tikabwerako," adayankha Che Saidi.

Adayenda mumsewu waukulu, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Nyumba ya apampando idali ya malata, yokhala ndi mpanda wa bango. Mkati mwa mpandamo amuna adakhala pa mipando, amayi pamphasa, ndipo ana adakwera m'mitengo kuti aone. Mayi Kachingwe adaima okha pakati, choko chikadali m'manja, anyamata awiri a yunifolomu ali kumbuyo kwawo. Che Ahmad adali chiimire, akuloza chala, zovala zikadali zonyowa.

Pa chipata Che Saidi adawerama n'kunong'oneza mwana wawo.

"Ine ndikhala pambali pako mpaka zithe. Koma pakamwa ndi pako."

Jamila adatsogola n'kuodira.

"Odi!"

Mawu ake adali aang'ono, koma adamveka. Anthu onse adatembenuka. Apampando adatsitsa pepala limene ankalemba.

"Che Saidi, pano pali mlandu wa akuluakulu. Mwana uyu akufuna chiyani?"

Jamila adadutsa pakati pa anthu, n'kukagwada pamchenga wotentha, pafupi ndi mapazi a mphunzitsi wake.

"Aphunzitsi asiyeni," adatero. "M'kapu muja munali madzi okha. Amene mukumufunayo ndine."

Che Ahmad adatsitsa chala chawo pang'onopang'ono, n'kuyamba kuyenda kulunjika pomwe mtsikanayo adagwada.